Nambala ya foni, mafayilo ndi kalasi ya mwana: n'chifukwa chiyani zimakana kusamuka nafe?

Chiwaya265
Akuluakulu, pali funso limene limabwera kawirikawiri m'mabanja amene akusamuka, kaya kupita ku Joni, ku Mangalande kapena kubwerera kumudzi. Katundu amakwera basi bwinobwino, koma zinthu zitatu zimavuta. Nambala ya foni imatsalira kwa kampani, fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta ina imasokonekera, ndipo mwana amabwezedwa kalasi kapena satifiketi yake imakayikiridwa. Kodi vutoli ndi limodzi kapena ndi mavuto atatu osiyana? Nanga munthu akonzekere bwanji asananyamuke? Amene mumagwira ntchito zimenezi tithandizeni mwatsatanetsatane.

MlongotiWaNetiweki
Ndiyambe ndi foni. Ambiri amaganiza kuti nambala yawo ili mkati mwa SIM, koma si choncho. Mu SIM muli kiyi wachinsinsi ndi nambala ina yotchedwa IMSI, ya manambala 15, yomwe imayamba ndi chizindikiro cha dziko: 650 ndi Malawi, 645 ndi Zambia, 655 ndi South Africa. Pa pulasitiki pamalembedwanso ina yaitali yoyamba ndi 89, yotchedwa ICCID. Nambala imene anthu amakuimbirani imakhala mu kaundula wa kampani, momwe adalemba kuti nambala yakutiyakuti ndi ya IMSI yakutiyakuti. N'chifukwa chake SIM ikatayika mumapita ndi chitupa cha unzika n'kulandira ina, nambala n'kukhala yomweyo. Amangosintha mzere umodzi mu kaundula.

Kusamutsa nambala kupita ku kampani ina ndi ntchito yofanana ndi imeneyo, kungoti pamafunika kaundula wa pakati amene makampani onse amamukhulupirira. Popanda iye, makina amayang'ana manambala oyambirira okha: akaona 088 amatumiza ku TNM, akaona 099 amatumiza ku Airtel. Dziko likalola kusamutsa manambala, njira imeneyo imatha ntchito. Pali njira ziwiri zoyendetsera foni zikatero. Yoyamba, foni imapita kaye ku kampani yakale, ndipo iyo imaipatsira ku yatsopano. Ndi yosavuta kukhazikitsa, koma kampani yakale imakhalabe panjira, ndipo makina ake akazima inunso simupezeka. Yachiwiri, foni iliyonse isanalumikizidwe makina amafunsa kaundula wa pakati kuti nambalayi ili kuti lero. Imeneyi ndi yabwino, koma imafuna ndalama zambiri poyamba.

WakuTurffontein
Kuno ku South Africa zimenezi zidayamba mu November 2006, ndipo amazitcha porting. Kale 082 inali Vodacom, 083 MTN, 084 Cell C, koma masiku ano simungalumbire poona manambala atatu oyambirirawo. Kwa amene amagula mayunitsi, ndondomeko yake ndi iyi. Gulani SIM ya kampani imene mukufuna ndipo muilembetse motsatira RICA, lamulo la kuno lolembetsa ma SIM, ndi pasipoti kapena chitupa komanso umboni wa komwe mukukhala. Musaike SIM yatsopano mu foni nthawi yomweyo, chifukwa pempho limachokera pa nambala yakale ndipo mauthenga otsimikizira amafikanso pomwepo. Dikirani mpaka SIM yakale itasiya kugwira netiweki, pamenepo ndiye muike yatsopano. Mayunitsi ndi bandulo zotsala sizisamuka, zimathera komweko, ndiye zigwiritseni ntchito kaye. Amene ali pa kontirakiti adziwe kuti ngongole ya foni siitha chifukwa nambala yasamuka.

NamaleedsUK
Ku Britain ndi kosavuta kwambiri kuyambira pa 1 July 2019. Mumatumiza mawu akuti PAC ku 65075 kuchokera pa nambala imene mukufuna kusamutsa, ndipo amakuyankhani ndi khodi ya zilembo 3 ndi manambala 6. Khodiyo imagwira ntchito masiku 30. Mukaipereka ku kampani yatsopano, nambala imasamuka tsiku logwira ntchito lotsatira. Ngati mukufuna kungotseka osatenga nambala, mumatumiza STAC ku 75075, ndipo INFO ku 85075 imakuuzani ngati pali ndalama zoti mulipire pochoka msanga. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kutseka kontirakiti yakale okha asanapereke PAC. Mukatero nambala imatha kutayika.

Kamtedza
Zonsezi n'za kunja. Kwathu kuno aliyense ali ndi foni ya SIM ziwiri. Kaundula wa pakatiyo tingamufunirenji?

MlongotiWaNetiweki
Achimwene a Kamtedza, funso lanu ndi lolemera. Kenya ndi Ghana adayamba kusamutsa manambala mu 2011, Nigeria mu 2013, ndipo ku Kenya anthu sadathamangire monga momwe amayembekezera. Zifukwa zake ndi zomwe mwanenazo, SIM ziwiri, komanso ndalama za pa foni, pakuti munthu sankafuna kusiya M-Pesa. Komabe wa bizinesi amene nambala yake idalembedwa pa chikwangwani, pa galimoto ndi pa malisiti kwa zaka khumi sangathandizidwe ndi SIM yachiwiri. Makasitomala amadziwa nambala imodzi, ndipo kampani imadziwa kuti munthuyo sangachoke ngakhale netiweki itavuta motani m'dera lake.

Kamtedza
Koma pali choipa chimene simukuchitchula. Lero ndikaona 088 ndimadziwa bandulo yoti ndiimbire. Manambala akasakanikirana, munthu aziimba poganiza kuti ndi netiweki yomweyo, mayunitsi n'kutha msanga.

MlongotiWaNetiweki
Ndi zoona, ndipo ndi chifukwa chake maiko ena amaika kaphokoso kochenjeza foni ikamatuluka kupita ku netiweki ina, kapena khodi yofufuzira kuti nambala ili ku kampani iti. Mankhwala enieni ndi kuchepetsa ndalama zimene makampani amalipiritsana pa foni zodutsa, kuti mtengo wa mkati ndi wa kunja uyandikane. Imeneyo ndi ntchito ya bungwe loyang'anira, monga MACRA kwathu ndi ICASA ku South Africa.

MayiWaMpamba
Pa ndalama za pa foni ndionjezepo. Akaunti ya Mpamba kapena Airtel Money imadziwika ndi nambala, koma ndi akaunti ya kampaniyo, siyendera limodzi ndi nambala kulikonse. Kutumizirana ndalama pakati pa makampani ndi nkhani ina, kusamutsa akaunti yonse ndi mbiri yake ndi nkhani inanso. Musanasiye nambala iliyonse, tapani ndalama zonse, bwezani ngongole ya mayunitsi ngati ilipo, ndipo pitani ku banki mukasinthe nambala imene imalandira khodi yachinsinsi. Anthu amakumbukira zimenezi atafika kale kunja, banki ikutumiza khodi ku SIM imene idafa.

Chiwaya265
Nanga nambala ya +27 ingasamutsidwe kuti izigwira ngati ya kwathu?

MlongotiWaNetiweki
Ayi. Kusamutsa kumathera m'malire a dziko, chifukwa dziko lililonse lili ndi khodi yake ndi kaundula wake. Ya +27 ikhala ya ku South Africa mpaka kalekale. Chimene mungachite ndi kuisunga yamoyo poyendera roaming, kutanthauza kuigwiritsa ntchito pa netiweki ya dziko lina, ndi kuikamo mayunitsi nthawi ndi nthawi. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imailanda n'kuipatsa munthu wina, ndipo masiku ake amasiyana kampani ndi kampani, choncho funsani musanachoke.

KatswiriWaLimbe
Apa ndi pamene WhatsApp imapweteketsa anthu. Imapitiriza kugwira ntchito pa nambala yakale ngakhale SIM itachotsedwa, ndiye munthu amaganiza kuti zonse zili bwino. Tsiku limene mwini watsopano wa nambala ija adzaike WhatsApp, inu mudzatulutsidwa, ndipo iye adzapezeka m'magulu anu onse. Njira yake: lowani mu Settings, Account, Change number, lembani yakale ndi yatsopano, ndipo yatsopanoyo ikhale yoti ingalandire SMS. Magulu ndi mauthenga zimakhalabe ngati muli pa foni yomweyo. Dziwaninso kuti Android imasunga mauthenga pa Google Drive pamene iPhone imasunga pa iCloud, ndipo ziwirizi sizimvana. Kuchoka ku Android kupita ku iPhone kumafuna pulogalamu ya Move to iOS, iPhone ikadali yatsopano kapena itafufutidwa zonse.

Manambala a anzanu musawasunge mu SIM. Imanyamula pafupifupi 250, imadula maina aatali, ndipo dzina lililonse limatenga nambala imodzi yokha. Atulutseni ngati fayilo ya .vcf, yomwe foni iliyonse imawerenga. Ndipo alembeni ndi khodi ya dziko: chotsani 0 woyamba n'kuika +265. Nambala yoyamba ndi 0 mukaiimba muli ku Joni, makina amaitenga ngati ya komweko.

Kamtedza
Nanga mafoni amene abale amatumiza kuchokera kunja aja amakana SIM bwanji?

KatswiriWaLimbe
Zifukwa ndi zitatu ndipo n'zosiyana. China, foni idatsekedwa kuti izigwira ndi kampani imodzi, ndipo khodi yotsegulira imaperekedwa ndi kampaniyo kwa mwini wake, ndiye wotumizayo aitsegule isananyamuke. Ku Britain adaletsa kugulitsa mafoni otsekedwa chonchi kuyambira December 2021, koma akale akadalipo. China, IMEI yake, nambala yozindikiritsa foniyo, idalembedwa ngati yobedwa kapena ya ngongole. Imbani *#06# muone IMEI ndi kuifananiza ndi ya pa bokosi. Chachitatu, iPhone 14 ndi zotsatira zake zogulidwa ku America zilibe polowetsa SIM, zimafuna eSIM basi, SIM yomangidwira mkati mwa foni.

NamaleedsUK
Ndipo chaja ndi pulagi musaiwale. Ya ku Britain ya mano atatu amakona imalowa kwathu, koma ya ku South Africa ya mano ozungulira siilowa popanda adaputala.

Chiwaya265
Zikomo, koma tibwerere ku funso. Za mafayilo palibe amene wayankha.

MlembiWaKompyuta
Fayilo ili ngati kalata yolembedwa m'chinenero china. Pulogalamu ina ingaiwerenge pokhapokha malamulo a kalembedwe kake ali poyera. Mtundu wa .odt udavomerezedwa ndi ISO, bungwe la miyeso la dziko lonse, mu 2006, ndipo .docx ndi PDF mu 2008. Ngakhale zili choncho masamba amasunthabe, ndipo nthawi zambiri wolakwa si fayilo koma zilembo. Mukalemba ndi Calibri n'kutsegula pa kompyuta imene ilibe Calibri, imaika zilembo zina za kukula kosiyana, mizere n'kuduka pena, matebulo n'kudumphira tsamba lina. Pa LibreOffice, pulogalamu yogwira ntchito ngati Word ndi Excel, ikani Carlito m'malo mwa Calibri, Caladea m'malo mwa Cambria, Liberation Sans m'malo mwa Arial ndi Liberation Serif m'malo mwa Times New Roman, chifukwa zidapangidwa ndi miyeso yofanana. Onaninso pepala. Ife timagwiritsa ntchito A4, ya 210 ndi 297 mm, pamene fayilo yochokera ku America imabwera pa Letter, ya 216 ndi 279 mm, ndipo posindikiza m'munsi mumasokonekera.

Choopsa kwambiri chili pa mindandanda ya CSV, imene masukulu ndi mabungwe amagwiritsa ntchito posamutsa maina kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa ina. Mukangoitsegula mu Excel mwa kudina kawiri, nambala ya foni yoyamba ndi 0 imataya 0 wake. Yoyamba ndi 265 imaoneka ngati 2.66E+11. Nambala yopitirira manambala 15, monga ICCID imene yatchulidwa ija, imasandutsidwa maziro kumapeto, ndipo mukasunga fayiloyo manambala enieniwo apita osabwereranso. Tsegulani Excel yopanda kanthu, lowetsani fayilo kudzera pa Data, ndipo muuze pulogalamu kuti mizati imeneyo ndi Text. Madeti nawonso: 03/04/2024 kwa ife ndi 3 April, kwa kompyuta yochunidwa Chimereka ndi March 4. Lembani 2024-04-03 ndipo palibe angasokoneze.

Kamtedza
Bwanji osangosunga zonse ngati PDF nkhani n'kutha?

MlembiWaKompyuta
PDF ndi yabwino pa chinthu chimene chatha, monga kalata yofunsira ntchito, chifukwa imanyamula zilembo zake. Koma mndandanda wa malikisi kapena wa malipiro mukausandutsa PDF, masamu onse a mkati amafa, pamatsala chithunzi cha zotsatira. Sungani ziwiri: PDF yoonetsa, ndi fayilo yoyambirira yogwirira ntchito.

KatswiriWaLimbe
Sindikugwirizana nanu pang'ono pa LibreOffice, achemwali. Pa kalata wamba ilibe vuto, koma fayilo ya Excel yokhala ndi ma macro a VBA, timapulogalamu tolembedwa mkati mwake, kawirikawiri sigwira bwino kumeneko. Ofesi imene ikufuna kusintha iyese kaye mafayilo ake khumi ovuta kwambiri, osati osavuta.

MlembiWaKompyuta
Mwanena zoona, ndipo phunziro lake ndi loti musanagule pulogalamu iliyonse ya sukulu kapena ya shopu, funsani wogulitsa akuonetseni batani lotulutsira zonse zimene mwalowetsa, ndipo muliyese pamaso pake. Pulogalamu yolandira zinthu koma yosatulutsa imakumangani chimodzimodzi ngati nambala ija ya pa chikwangwani.

GogoWaZilembo
Pali china chimene chimatikhudza ife olemba Chichewa ndi Chitumbuka. Chilembo cha ŵ chikasungidwa mu UTF-8, njira yamakono yosungira zilembo pa kompyuta, koma n'kuwerengedwa ndi kalembedwe kakale ka Windows, mawu akuti Malaŵi amatuluka ngati MalaÅµi. Kachizindikiro kopindika ka m'mawu ngati ng’ombe kamasanduka â€™. Fayilo siinaonongeke, yangowerengedwa molakwika. Musaisunge ili choncho. Itsekeni, muitsegulenso posankha UTF-8, ndipo posunga mu Excel sankhani CSV UTF-8. Dzina la mwana lokhala ndi ng' likaonongeka chonchi mu kaundula wa sukulu, limadzafika nalo mpaka pa satifiketi.

KatswiriWaLimbe
Ndi fulashi yomwe, pakuti kasungidwe kake ka mafayilo kamasiyana. Ya FAT32 imakana fayilo imodzi yoposa 4 GB ngakhale malo alipo, ya NTFS imawerengeka pa Mac koma siilembeka popanda pulogalamu yapadera. Ya exFAT imagwira konse kuwiri.

MphunzitsiWamkulu
Tsopano za sukulu, ndipo pano ndikhalitsa chifukwa ndi pamene ana amataya zaka. Choyamba musamafananize maina a makalasi, werengani zaka. Kwathu ndi zaka 8 ku pulayimale ndi 4 ku sekondale, zonse 12. Fomu 1 ndi chaka cha 9. Ku South Africa ndi Grade 1 mpaka 12, ndiye Fomu 1 yathu ikufanana ndi Grade 9, ngakhale sekondale yawo imayamba pa Grade 8. Ku Zimbabwe pulayimale imathera Grade 7, choncho Fomu 1 yawo ndi chaka cha 8, ndipo mwana amalemba O Level ya ZIMSEC m'chaka cha 11, kenako Fomu 5 ndi 6 za A Level. Kholo likangonena kuti mwana anali Fomu 2 osatchula dziko, akhoza kuikidwa patsogolo kapena pambuyo ndi chaka chathunthu.

Chachiwiri ndi kalendala. Chaka chathu chimayamba September n'kutha July, pamene cha ku South Africa chimayamba January n'kutha December. Mwana womaliza kalasi kwathu mu July akafika kumeneko mu August amapeza anzake ali m'chigawo chachitatu cha chaka. Sukulu iyenera kusankha: abwereze miyezi yotsalayo m'kalasi yofanana ndi imene wamaliza, kapena alowe yapamwamba atasemphana ndi miyezi isanu ndi iwiri ya maphunziro. Njira yoyamba ndi imene imamuteteza, ngakhale makolo amaiona ngati kubwezedwa.

Chachitatu ndi nthawi yosankha maphunziro. Ku South Africa mwana amasankha pa Grade 10 maphunziro amene adzalembe pa matric, mayeso omaliza a Grade 12: zinenero ziwiri, Mathematics kapena Mathematical Literacy, Life Orientation ndi ena atatu. Kumulowetsa pa Grade 11 ndi kumulowetsa pakati pa ulendo. Ku England ndi chimodzimodzi, GCSE, mayeso awo a kusekondale, ndi ya zaka ziwiri, Year 10 ndi 11, ndipo mwana amaikidwa m'kalasi potengera msinkhu wake, osati kalasi imene anali. Ngati banja lingathe kusankha, lisamuke mwana asanayambe zaka zimenezo kapena atalemba kale mayeso.

WakuTurffontein
Pa zinenero ziwirizo, aphunzitsi, pali chilolezo cha ana obwera kuchokera kunja amene adalowa sukulu ya kuno mochedwa, choti alembe chinenero chimodzi cha boma n'kuonjeza phunziro lina. Sichibwera chokha, sukulu iyenera kupempha, ndiye kholo lifunse tsiku lomwe likulembetsa mwana.

MphunzitsiWamkulu
Zikomo achimwene. Kobwerera nakonso kuli vuto lomwelo. Mwana wokulira kunja akalowa Sitandade 7 amakumana ndi pepala la Chichewa pa PSLCE, ndipo kulankhula kunyumba sikutanthauza kuti angalembe chimangirizo ndi malamulo a chiyankhulo. Wochokera ku Mozambique amene adaphunzira m'Chipwitikizi amafunika thandizo la Chingerezi ngakhale masamu akuwadziwa bwino.

NamaleedsUK
Chimene chimasokoneza olemba ntchito kuno ndi magiredi. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndi kulephera. Pa GCSE ya ku England, kuyambira 2017, 9 ndiye wapamwamba ndipo 1 ndi wotsika. Munthu wa ma 1 ndi ma 2 amaoneka ngati adalephera kwa amene sadziwa. Ku South Africa nakonso 7 ndiye wapamwamba. Nthawi zonse perekani satifiketi limodzi ndi tanthauzo la magiredi, ndipo ngati akufuna umboni, UK ENIC, yomwe kale inkatchedwa UK NARIC, imapereka kalata yofananiza.

Kamtedza
Ndiye bwanji maiko a SADC osangokhala ndi silabasi imodzi ndi mayeso amodzi?

MphunzitsiWamkulu
Pamenepo sindingavomere. Silabasi imene a MIE amakonza ku Domasi iyenera kuphunzitsa ulimi, mbiri ndi chiyankhulo cha kuno, ndipo mwana wa ku Namibia ali ndi zake. Chofunika si kufanana kwa zophunzira, koma muyeso umodzi woyezera. Pangano la SADC la maphunziro lidasainidwa ku Blantyre mu 1997, ndipo pali ndondomeko ya SADC ya magawo 10 yoti dziko lililonse lilumikize masatifiketi ake. Ntchitoyo ikayenda bwino, satifiketi ya MANEB iziwerengeka kwina popanda kusintha zimene mwana adaphunzira.

Kamtedza
Koma muyeso sudzaza dzenje. Mwana amene sadaphunzire mutu wina wa masamu sadaphunzire basi, kaya satifiketi yaikidwa pa gawo liti.

MphunzitsiWamkulu
Eya, n'chifukwa chake kalata yosamutsira mwana isamangonena kalasi. Pemphani malipoti a zaka ziwiri zapitazo ndi mndandanda wa mitu imene adaphunzira m'masamu ndi sayansi, wosainidwa ndi kudindidwa. Mphunzitsi wolandira akauona amadziwa pomwe angayambire.

WakuTurffontein
Kwa akuluakulu ofuna ntchito kapena koleji, njira kuno ku South Africa ndi SAQA, bungwe loyeza masatifiketi. Mumalembetsa pa intaneti, kutumiza satifiketi ndi transcript, kulipira, ndipo iwo amafunsa ku bungwe limene lidapereka satifiketi ngati ndi yeniyeni. Pamenepa ndi pamene pamachedwa, makamaka koleji ikakhala kuti idatsekedwa kapena siyankha makalata. Mapepala a Chipwitikizi amafuna womasulira wolumbira. Chimene SAQA imapereka ndi gawo la pa NQF, muyeso wa masatifiketi wa kuno, kuyambira 1 mpaka 10, pomwe matric ili pa 4. Si chilolezo chogwirira ntchito. Namwino apitenso ku SANC, mphunzitsi ku SACE, ndipo yunivesite ili ndi zofuna zake padera. Wobwerera kwathu ndi digiri yakunja apite nayo ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo azaumoyo akalembetse ku makhonsolo awo.

MayiWaMpamba
Dzina likhale limodzi paliponse. Satifiketi ikakhala ndi dzina la kusukulu, pasipoti ndi la m'banja, SIM n'kulembetsedwa ndi chitupa cha mchimwene, chilichonse mwa zitatuzi chimaima. Konzani ndi kalata yolumbira musanachoke, chifukwa kuchitira kunja ndi kodula.

Chiwaya265
Funso lomaliza. Mapepala a sukulu amenewa tiwajambule bwanji kuti asakanidwe potumiza pa intaneti?

MlembiWaKompyuta
Gwiritsani ntchito sikana, pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi), mwa mitundu yake kuti chidindo chioneke, ndipo makona anayi onse a pepala alowe. Jambulani mbali zonse ziwiri, pakuti tanthauzo la magiredi kawirikawiri limakhala kuseri. Chikalata chilichonse chikhale PDF yakeyake, masamba ake ali mu ndondomeko. Ngati mwajambula ndi iPhone, chithunzi chimatha kutuluka ngati HEIC, yomwe mawebusayiti ambiri salandira, ndiye chisandutseni JPG kapena PDF. Musatumize kudzera pa WhatsApp ngati chithunzi chifukwa imachichepetsa mpaka zilembo zing'onozing'ono kusawerengeka, tumizani ngati Document. Dzina la fayilo likhale la zilembo wamba ndi manambala, lopanda ŵ, kachizindikiro ka ng' kapena mipata, mwachitsanzo MSCE_2019_tsamba1.pdf. Fayilo ikakula kuposa malire a webusayiti, tsitsani mpaka 200 dpi, koma yesani kaye kuikulitsa pa sikirini muone ngati nambala ya satifiketi ikuwerengekabe.